Kodi Mnyamata wa ku China uja ndi Mchona?

Masabata awiri apitawo ndinakufotokozerani za buku la Cingelezi lochedwa Mao's Last Dancer, limene analemba Li Cunxin, ndipo linasindikizidwa m'caka ca 2003. Ine ndinayesa kuti nkhani ya munthu wobvina gule wa Azungu idzangopita ngati mphepo. Ai ndithu. Makalata abwera ambiri, ndipo ena mwa inu mwandiimitsa pa khomo la ofesi pocokera ku shifiti, zipewa ziri kumutu.

Kwa amene sanaone pepala lija ndibwereze pang'ono. Li anabadwa mu 1961 m'mudzi wa pafupi ndi mzinda wa Qingdao, m'cigawo ca Shandong, pa nthawi ya njala yaikuru imene inapha anthu mamiliyoni ambiri ku China. Anali wacisanu ndi cimodzi mwa ana amuna asanu ndi awiri. Cakudya cao ca masiku ambiri cinali mbatata zouma, monga makaka athu a cinangwa. Ali ndi zaka 11 anasankhidwa kukaphunzira gule wa ballet ku Beijing. Mu 1979 anamtumiza ku Houston, ku America, ndipo mu 1981 anakana kubwerera kwao.

Kalata yoyamba yacokera kwa mkuru wina wa ku Ncheu. Iye ati sanadziwe kuti Machaina nawonso amagona ndi njala, popeza amene iye awaona onse ali ndi masitolo. Ati za mbatata zija zamkumbutsa zimene agogo ace ankasimba za njala ya 1949, pamene anthu ankakumba mizu m'thengo. Zikomo bambo. Koma ndionjezepo cinthu cimodzi cimene ambiri sacidziwa. M'migodi ya golide ya ku Joni munagwirapo Machaina oposa 60,000, kuyambira 1904 mpaka 1910. Anabwera pa sitima za pamadzi, analemba nchito ya zaka zitatu, nagona m'makomponi, ndipo ambiri a iwo anali a kumpoto kwa China, ena a ku Shandong komweko. Sanali a masitolo amenewo.

Mnyamata wina wa pansi pa mgodi wangoseka, ati mwamuna wamtundu wanji wodya za kubvina. Mbale wanga, munthu ameneyu ankamanga matumba a mcenga ku miyendo ndi kukwera masitepe modumpha ndi mwendo umodzi, anzace ali mtulo. Tayesani mawa tione.

Tsono nkhani imene yautsa mkangano ndi ya 1981. Bambo wina wa ku Mzimba walemba mwaukali. Ati iye alibe cisoni ndi Li. Boma linamphunzitsa, makolo anamlera ndi mbatata zao zija, iye ataona magetsi ndi mkazi wacizungu anatembenuza msana. Ati kwathu munthu wotere timamucha mchona, cingakhale cifukwa cace n'cotani. Iye mwini ali ndi mkuru wace amene anabwera kuno kale, osabweranso, ndipo amai ao anamwalira akuyang'ana ku njira.

Wina wa ku Tete watsutsa. Ati kodi tonsefe tinacokeranji kwathu? Si umphawi womwewo? Iye wakonda nthano imene atate a Li anamuuza, ya cule wa m'citsime amene ankaona kathambo kakang'ono pamwamba pace, nayesa kuti dziko ndi lomwelo. Ati cule akaturuka, simungamuuze kuti alumphirenso m'menemo.

Ine ndalingalira masiku angapo, pakuti mau a bambo wa ku Mzimba si ocepa. Kukana kubwerera kunali koopsa kwa abale otsala, cifukwa boma la masiku amenewo likadatha kuwalanga pa mlandu wa iye. Li mwini sabisa kuti mantha amenewa anamsowetsa tulo. Pamenepo sindingamuyeretse, ai. Anaika makolo ace pa ngozi osawafunsa.

Koma dzina la mchona ndikana kumpatsa. Ine ndine kalaliki, ndipo machona ndiwadziwa, cifukwa makalata ao amathera pa tebulo langa. Kalata imabwera yocokera kumudzi, ndiitana dzina, mwini wace ali pomwepo, koma ati ikani pomwepo ndidzatenga. Mwezi utha, ibwera yaciwiri, yolembedwa ndi dzanja la mwana wa sukulu. Ameneyo palibe amene wamtsekera njira. Basi iripo, positi iripo, ndarama walandira. Ena mwa iwo si oipa mtima. Ndi manyazi cabe, popeza zaka zapita ndipo alibe cobwera naco. Za Li n'zosiyana. Njira inatsekedwa ndi boma, ndipo tsiku limene inatseguka sanazengereze. Mu 1984 makolo ace analoledwa kupita ku Houston, nakamuona akubvina, ndipo pambuyo pace iye mwini anapita kumudzi kukaona abale ace.

Pali kanthu kena m'bukumo kamene palibe mmodzi wa inu wakachula, koma ine ndi kamene kanandigwira. Pocoka kumudzi ali ndi zaka 11, amai ace anampatsa cofunda cimene anasoka okha. Usiku ku Beijing ankabisa nkhope m'menemo ndi kulira kuti anzace asamve. Ndawaona mabokosi anu potsegula. Pansi pa malaya ambiri a inu muli ndi kanthu kotere, wina mpango, wina cithunzi, wina kabuku ka nyimbo ka ku calici.

Bambo wa ku Mzimba, mwandipempha kuti ndifunse ngati alipo wodziwa za mkuru wanu. Dzina lace sindiliika m'pepala muno, koma ndalitumiza kwa akalaliki anzanga a m'migodi itatu. Bwerani ku ofesi Loweruka masana, mutenge kalata yomariza imene iye analemba kumudzi, kuti tione cidindo ca positi.

Ine wanu,
Kalaliki