Mbatata ya ku Tsangano ikulemeretsa ena

Anthu ambiri amene amadya tchipisi pa chiwaya ku Ndirande kapena ku Lilongwe sadziwa kuti akudya thukuta la alimi a ku Tsangano. Mbatata ya kachewere yolimidwa m'mapiri ozizira a Kirk Range, kuno ku Ntcheu ndi kutsidya kwa malire ku Mozambique, imatsikira pamsika wa pamphambano ya Tsangano, m'mbali mwa msewu wa M1, malole n'kuitengera kumatauni. Dzina la dera lino lafika kutali chifukwa cha mbewu imeneyi, koma ndalama yeniyeni imatsalira kwa mwini galimoto ndi kwa wotchula mtengo. Mlimi amangotola nyenyeswa, ndipo sizidzasintha mpaka msewu, sikelo ndi nyumba zosungiramo katundu zitakhalapo.

Mbiri ya mzinda wa Kochi, kugombe la kumwera chakumadzulo kwa India, ili ndi phunziro pankhaniyi. Doko lake linatseguka pamene mtsinje wa Periyar unasefukira mu 1341, ndipo tsabola wakuda wolimidwa m'mapiri a kumtunda anayamba kutsikira kumeneko. Apwitikizi anamangako linga mu 1503, Vasco da Gama anaferako mu 1524, Adatchi anawalanda malowo mu 1663. Onsewa sankalimbirana minda, ankalimbirana pokwezera katundu, chifukwa wolamulira doko ndiye ankalamulira mtengo. Apwitikizi anachita kuumiriza mtengo wotsika wosasintha, tsabola yemweyo n'kukamugulitsa modula ku Lisbon. Zinthu zinatembenuka pamene eni dziko anagwira okha malonda: lero likulu la bungwe la boma loona za zokometsera zakudya, Spices Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1987, lili ku Kochi komweko.

Tsopano taonani thumba la mbatata pa Tsangano. Limadzazidwa mpaka kusefukira, pamwamba n'kusokererapo chigamba ndi chingwe kuti lilowe zambiri, moti amuna awiri amavutika kulikweza. Mtengo ndi wa thumba, osati wa makilogalamu, choncho zoonjezerazo mlimi wangopereka ulere. Akakana, alowera kuti? Wabwera pa ngolo kapena pa njinga kuchokera kutali, dzuwa likuswa mtengo, mbatata ikakhalitsa padzuwa imasanduka yobiriwira. Mavenda amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake sapupuluma. Nthawi ya dzinja zimanyanya, pakuti msewu wochoka pa Tsangano kudzera ku Neno mpaka ku Mwanza, umene maboma akhala akulonjeza chisankho ndi chisankho, umasanduka matope m'malo amene phula sanafike.

Ena anganene kuti kufanizira Tsangano ndi Kochi n'kukokomeza, popeza tsabola wouma amakhala zaka osawonongeka pamene mbatata imawola msanga. Zoonadi, koma mfundo imeneyi ikungoonjezera mphamvu pa pempho lathu: mbewu yosachedwa kuwola ndiyo imafuna msewu wabwino ndi shedi yozizira kuposa ina iliyonse. Enanso amaloza chala alimi a ku Angonia, kutsidya kwa malire ku Mozambique, kuti ndiwo amagwetsa mitengo pobweretsa mbatata yambiri. Kumeneko n'kulakwitsa. Malire amenewa anawalemba ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, n'kugawa Angoni ndi Achewa mbali ziwiri, anthu olankhula chinenero chimodzi. Kochi anakula chifukwa Aluya, Ayuda ndi Agujarati ankakumanako, ndipo msika wa Tsangano nawo umakoka malole chifukwa katundu wa mbali zonse ziwiri amapezeka pamodzi. Ndiponso mavenda si adani. Amalipira mafuta, amaluza katundu akawola panjira. Chikusowa ndi muyezo woti onse aziugonjera.

Khonsolo ya Ntcheu imatolera ndalama za msika kwa ogulitsa. Ibwezeko poika sikelo yovomerezeka ndi shedi pa Tsangano, ilamule kuti mbatata izigulidwa pa kilogalamu. Alimi nawo alowe m'makopaletivi kuti azitchula mtengo ndi pakamwa pamodzi. Ndipo inu aphungu a Ntcheu, Neno ndi Mwanza, musatope kufunsa m'Nyumba ya Malamulo tsiku limene msewu uja udzathe.