Jerry alowe m'chigafa: tichite chionetsero cha zojambula zathu

Anzanga, tengani kope la aliyense wa fomu 1 kapena fomu 2, mutsegule masamba akumapeto. Mupeza Spider-Man ali lende pa ulusi wake, Ben 10 ndi wotchi yake, Tom ali pa liwiro kuthamangitsa Jerry. Ena amajambula bwino moti umachita kufunsa ngati sanadinde. Koma zonsezi zimathera momwemo. Kope likadzaza, mapepala aja amakakulungira usipa kapena agogo amapichirira chingambwe. Maganizo anga ndi akuti teremu ino tichite chionetsero. Zojambulazi tizikuze, tizikhome m'kalasi imodzi, tiitane makolo ndi anthu a m'midzi ya kuno kwa Kapelula adzaone.

Ena ayamba kale kuseka, ati makatuni ndi zachibwana, komanso ndi za azungu. Zachibwana? Mickey Mouse anatchuka mu 1928 ndi kafilimu kotchedwa Steamboat Willie, ndiye kuti ndi wamkulu kuposa agogo athu ambiri. Tom ndi Jerry anawayambitsa William Hanna ndi Joseph Barbera mu 1940. Za azungu, eya, anachokera ku America. Koma ambirife Mickey sitinamuonere pa kanema ayi. Tinamudziwira pa malaya a pa kaunjika, pa zikwama za kupulaimale ndi pa makoma a sukulu za mkombaphala. Tinayamba kumuvala tisanamuone akuyenda. Tom ndi Jerry tinawapeza ku vidiyo shoo ndi m'mafoni a achimwene, ndipo tinkaseka mpaka kugwira m'mimba popanda womasulira, chifukwa awiriwa salankhulalankhula. Nanga nkhondo ya mphaka ndi khoswe angatiphunzitse ndani ife okhala ndi nkhokwe pakhomo? Mwayi wa Jerry ndi woti ndi wa m'nyumba. Akanakhala wa kumunda, anyamata akuno akanamukumba kalekale, pano ali pa kamtengo ndi mchere.

Kujambula makatuni n'kukawaika pa chionetsero si zachilendo. Mu 1961 Roy Lichtenstein wa ku America anajambula ndi penti chithunzi chachikulu cha Mickey Mouse ndi Donald Duck akuwedza nsomba, atachitengera m'buku la ana. Lero chithunzicho chimasungidwa ku National Gallery of Art mumzinda wa Washington. Andy Warhol nayenso anajambula Mickey mu 1981. Luso limeneli amalitchula kuti pop art: kutenga zinthu zimene anthu wamba amaziona tsiku ndi tsiku, n'kuzikuza kuti munthu aime, aziyang'anenso kachiwiri.

Ndipo ife Achewa nzeru imeneyi si yobwereka. Amene munaonererapo gule pa bwalo mukumudziwa Simoni wa nkhope yofiira uja, komanso Maliya. Mayina amenewa anabwera ndi alendo, koma makolo athu anawatenga, n'kuwavinitsa pa bwalo lathu, n'kuwapatsa zoti atiphunzitse. Ndilekere pomwepa, zinazo sizilembedwa pa bolodi.

Apa ndiye pali mfundo yanga yeniyeni. Kukopera Spider-Man ndendende monga alili pa chikwama n'kungoonetsa kuti dzanja lako silinjenjemera. Ndi poyambira pabwino, koma amayi anga sangasiye kumunda kudzaona zimenezo. Muikeni Spider-Man m'chigafa akusoka fodya ndi ulusi wake, manja ali bii ndi phula la masamba. Jambulani Dora ndi kachikwama kake ataima pa mtsinje wodzaza m'mwezi wa Febuluwale, nsapato zili m'manja, belu lalira kale kutsidya. SpongeBob akhale pa mzere wa pa mjigo. Tom avale jekete, akhale mwini esiteti, kabuku ka ngongole kali m'manja. Jerry akhale tenanti amene walima chaka chonse, mabelo apita ku Chinkhoma, koma powerengera akumuchotsera ufa, mchere, sopo ndi mankhwala mpaka kutsala ndi ndalama yosakwana ndi basi yomwe yobwerera kwawo.

Chithunzi chotero anthu adzayamba ndi kuseka. Kenako wina adzakhala chete, chifukwa Jerry ameneyo akumudziwa. Tonse tikudziwa madesiki amene amakhala opanda anthu nyengo yothyola ndi kusankha fodya, ndipo tikudziwa kumene eni ake amakhala ali. Mwana wa zaka 15 sungaimirire pa msonkhano wa makolo n'kunena zimenezi, angakuti wamwano. Koma khoswe wa papepala palibe angamukalipire.

Chimene chimandiwawa n'chakuti Kalulu alibe nkhope. Tonse tinakula ndi nthano za Kalulu ndi Fisi, koma tikati aliyense ajambule Kalulu, patuluka akalulu makumi asanu osafanana, pamene Mickey ngakhale mwana wa sitandade 1 amamuzindikira ndi makutu okha. Si kuti Amalawi sitingathe. Funsani aphunzitsi athu akuluakulu za Pewani wa Brian Hara kapena Joza wa Vic Kasinja, muone mmene amwetulire. Anthu ankatsegula nyuzipepala kuyambira pa katuni. Kwa anansi athu ku Zambia, mayi wina dzina lake Malenga Mulendema anakula akuonera makatuni opanda munthu wofanana naye, ndiye anapeka ake. Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a ku Lusaka, inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Choncho pa chionetsero chathu khoma limodzi likhale la Kalulu, Fisi, Kamba ndi Nadzikambe. Mwinanso tiwakumanitse: Kalulu ndi Jerry, tione wochenjera ndani. Ine ndaika pa Kalulu.

Penti tiitenga kuti? Edward Saidi Tingatinga wa ku Tanzania anayamba kujambula ku Dar es Salaam cha m'ma 1968 ndi penti ya njinga pa zidutswa za matabwa a siling'i. Anamwalira mu 1972, koma mpaka lero zithunzi za mtundu umenewo zimatchedwa ndi dzina lake. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, makolo anajambula pa miyala ndi dothi loyera, ndipo malowo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ife tili ndi makala, katondo, phulusa, mtsiro umene amayi amazirira nyumba, tizidutswa ta choko ndi makatoni a kugolosale. Amene ali ndi achimwene okonza njinga apempheko totsalira m'zitini.

Za JCE sindinaiwale, nanenso ikundidikira. Koma masana a Lachisanu awiri kapena atatu sangalepheretse munthu mayeso. Ndiponso yemwe amajambula Tom bwino ndi yemweyo timamupempha kutijambulira mtima ndi duwa pa Biology. Pitani pa tiredingi muwerenge ma saluni, mabutchala ndi zigayo zimene zili ndi zithunzi pakhoma. Anajambulayo sanagwire yaulere.

Pempho langa kwa a hedi ndi la kalasi imodzi tsiku lotsekera teremu, pamene makolo amabwera kale kudzatenga malipoti. Kwa inu anzanga, makamaka atsikana amene mumabisa makope anu, bweretsani chojambula chimodzi kwa aphunzitsi oyang'anira bolodi lino. Chikhale chachikulu, chooneka munthu ali pakhomo, dzina ndi mudzi wanu zilembedwe m'munsi. Zodinda poika pepala pawindo tidzazizindikira, ndipo sitidzakhoma.