Pulofesa wa zowerenga ayesedwe ndi anthu amene awerenga

Mu 1963, m'tauni ya Angicos kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, anthu akuluakulu pafupifupi 300 anaphunzira kuwerenga ndi kulemba m'maola 40 a kalasi. Wokonza njirayo anali Paulo Freire, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Recife. Chaka chotsatira asilikali atalanda boma, anamutsekera masiku 70, kenako anathawira ku Bolivia ndi ku Chile. Kodi asilikali ankaopanji mwa munthu wongonyamula choko? Lamulo la Brazil silinkalola munthu wosadziwa kuwerenga kuponya voti, ndipo linakhala choncho mpaka 1985. Mlimi aliyense amene wadziwa zilembo ankasanduka wovota, ndipo eni minda ikuluikulu ankadziwa bwino kuti voti yakeyo siipita kwa iwo.

Ndikutchula za Freire chifukwa ntchito yake inayankha funso limene mayunivesite athu akulizembabe: kodi munthu amene moyo wake wonse wauthera pa kafukufuku wa kaphunzitsidwe ka kuwerenga tizimuyesa ndi chiyani? Lero mphunzitsi wa pa yunivesite amakwezedwa makamaka poona kuchuluka kwa mapepala amene wasindikiza m'magazini a akatswiri, ambiri a iwo akunja ndiponso a m'Chingerezi. Kwa katswiri wa sayansi ya mankhwala mwina muyeso umenewu ukukwanira. Kwa katswiri wa zowerenga ndi wopunduka, pakuti mphunzitsi wa Sitandade 1 ku Nsanje, amene ali ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo, sadzaliona pepala limenelo ngakhale tsiku limodzi. Munthu angathe kufika pa upulofesa popanda mwana kapena mayi mmodzi amene wawerenga chifukwa cha iye.

Alipo amene amati kulowetsa nkhani za chilungamo m'phunziro la kuwerenga n'kubweretsa ndale m'kalasi, ndipo mphunzitsi angophunzitsa a, e, i, o, u basi. Nkhawa yawo si yachabe: tinaonapo sukulu zikusanduka bwalo loimbira nyimbo zotamanda atsogoleri. Koma Freire sankauza anthu chipani chovotera. Ankayamba ndi kumvetsera mawu amene anthuwo amalankhula tsiku ndi tsiku, onena za njerwa, malipiro kapena munda, n'kuwadula m'maphatikizo, ndipo anthu ankaumba okha mawu atsopano kwinaku akukambirana za moyo wawo. Zilembo ankaziphunzitsa ndithu, mwadongosolo. Ndipo ndale zili kale m'kalasi tisanazitchule n'komwe. Amene amasankha chinenero chophunzitsira, dera lotumizako aphunzitsi, ndi sukulu yolandira mabuku, wasankha kale ana amene adzawerenge. Mayi wodinda chala pa pangano la ngongole limene sanaliwerenge sakusowa wina womuuza kuti nkhaniyi ndi ya chilungamo.

Chotsutsa cholimba kwambiri n'chakuti njira ya Freire inakalephera kwina. N'zoona. Ali ku Geneva, kumene anagwira ntchito ku World Council of Churches kuyambira 1970, anapita kukathandiza boma latsopano la Guinea-Bissau, koma zotsatira zake zinali zochepa. Chifukwa chachikulu chinali chinenero: anthu ankaphunzitsidwa m'Chipwitikizi, chimene ambiri akumidzi sankachilankhula. Kulephera kumeneku ndiye kuyenera kutitsegula maso ife. Kuno ku Malawi, mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo makalasi sanapumebe mpaka lero. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira. Pulogalamu ya dziko lonse ya kuwerenga imene inayamba mu 2016 inayang'ana pa Chichewa ndi Chingerezi, pamene mwana wa ku Chitipa kapena ku Mangochi amafika pasukulu ndi Chilambya kapena Chiyao m'kamwa. Awa ndi mafunso oyenera kutha nsapato za akatswiri athu, ndipo mayankho ake sapezeka mu ofesi.

Sindikunena kuti kafukufuku aleke kusindikizidwa, ayi. Freire mwini analemba mabuku ambiri, koma buku lake lotchuka la Pedagogy of the Oppressed analilemba atagwira kale ntchito pakati pa alimi, ndipo mu 1989 anavomera kukayendetsa sukulu za mzinda wa São Paulo. Makhonsolo a mayunivesite athu ndi akuluakulu a makoleji a aphunzitsi asinthe malamulo okwezera anthu pantchito. Buku la ana lolembedwa m'Chitumbuka, chaka chothera ku sukulu ya kwacha, kapena kalasi yakumudzi imene ana ake ayesedwa n'kupezeka kuti akuwerenga bwino kuposa kale, ziwerengedwe molingana ndi pepala losindikizidwa ku London.