Tisagulitse Mudzi Ngati Fodya wa pa Okushoni

Pali nyimbo ina imene yatchuka pakamwa pa anthu okonda kulankhula za chitukuko, ndipo ena mwa ife pano pa koleji tayamba kuivomera tisanaimvetse. Nyimboyo ikuti: Malawi ndi dziko lokongola, anthu ake ngaulemu, zinthu zake n'zotchipa, tsono tiyeni titsekule zitseko zonse kuti ojambula makanema a kunja abwere, atijambule, dziko lidziwike. Ine ndikukana. Alendowo abwere ndithu, koma mtengo umene tikudziikira tokhawu ndiwo ndikuukana, pakuti munthu wodzitsatsa ndi mawu akuti "ndine wotchipa" wavomera kale kudyeredwa masuku pamutu.

Ambiri a ife timayesa kuti mwini kamera amatsata mapiri ndi nyanja. Iyayi, amatsata ndalama. Maiko amene amakopa makanema amachita kuwalipira. Boma limauza kampani kuti: bwerani mudzajambule kwathu, ndipo pa ndalama zimene mudzamwaza kuno, pa malipiro, mahotela, magalimoto ndi zakudya, tidzakubwezerani gawo. South Africa anayamba njira imeneyi mu 2004, ndipo mu 2018 anaika gawolo pa marandi 25 pa 100 alionse. Morocco anayambira pa 20, nakweza kufika pa 30 mu 2022. Pamwamba pa ndalamazo anamanga nyumba zojambuliramo, monga za ku Ouarzazate ndi za ku Cape Town zimene zinatsekulidwa mu 2010, ndiponso ali ndi amisiri a magetsi, a mawu ndi a zovala amene mlendo amangowapeza ali chire. N'chifukwa chake Hotel Rwanda, kanema wa 2004 wonena za ku Kigali, mbali yake yaikulu anaijambulira ku South Africa, ndipo Blood Diamond wa 2006, wonena za ku Sierra Leone, anamujambulira ku South Africa ndi ku Mozambique. Kwa anthu amenewa Afirika yense ndi nsalu imodzi yopachika kumbuyo kwa wosewera.

Mpikisano wotere uli ndi mano. Boma la Zimbabwe linathira ndalama zake mu Cry Freedom, kanema wa 1987 wonena za Steve Biko, ndipo ndalamazo sizinabwerere monga linkayembekezera. New Zealand, dziko lolemera, mu 2010 linachita kusintha lamulo la apantchito m'masiku owerengeka, kuchepetsa mphamvu za ogwira ntchito za makanema, poopa kuti kampani ya Warner Bros. ingasamutsire The Hobbit kwina. Ngati olemera agwada chotere, nanga ife? Dziko losowa mankhwala m'zipatala silingabwezere mlendo 30 pa 100. Chotsala chimene tingatsitse mtengo ndi anthu athu, midzi yathu ndi miyambo yathu. Apa ndipo pagona nkhani.

Chitsanzo tili nacho pakhomo. Mu 2017 Chiwetel Ejiofor, wosewera wa ku Britain, anabwera ndi gulu lake kudzajambula The Boy Who Harnessed the Wind, mbiri ya William Kamkwamba, mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu amene analeka sukulu pa njala ya 2001 ndi 2002 napanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Ejiofor timuyamike pa zimene anachita bwino. Akanatha kupita ku Kenya kapena ku South Africa monga achitira anzake, koma anasankha Kasungu yemweyo, anaika Chichewa m'kanemamo, naphunzira kuchilankhula iye mwini. Ndipo kumbukirani kuti sanakopedwe ndi gawo lililonse lobwezedwa. Chinamukoka ndi nkhaniyo ndi malo ake enieni, zinthu zimene Morocco sangagulitse. Ndiye kuti tili ndi katundu amene sapezeka kwina. Wogulitsa katundu wotere sayenera kunyengerera wogula.

Tsono tiwerenge mmene ntchito inagawidwira. William anaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Bambo ake anali Ejiofor mwini, mayi ake Aïssa Maïga wobadwira ku Senegal, ndipo mfumu Wimbe anali Joseph Marcell wa ku Britain. Kamera inali m'manja mwa Dick Pope wa ku Britain, nyimbo anapeka Antonio Pinto wa ku Brazil. Amalawi analipo, monga Lily Banda amene anasewera mlongo wa William, ndi khamu la anthu a m'midzi odzaza bwalo, koma mipando yaikulu inapita kwa alendo. Kanemayo atatuluka pa Netflix pa 1 March 2019, Amalawi ambiri anadandaula kuti Chichewa cha osewera akuluwo chinali chovuta kumva, kotero kuti mwini chinenero ankathandizidwa ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Ndipo itafika nthawi ya mphotho za Oscar, kanema wa nkhani yathu, wojambulidwa pa dothi lathu, m'chinenero chathu, anakaimira dziko la United Kingdom. Palibe anaba. Ndalama zinali zawo, za BBC Films ndi anzawo, choncho umwini unali wawo.

Ife ochokera ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma malonda otere timawadziwa, chifukwa ndiwo anatilipirira sukulu. Makolo athu amafesa nazale, amawokera, amathyola, amasoka, amayanika m'zigafa, amasankha, amadinda mabelo, kenaka belo likafika ku Kanengo wogula ndiye atchula mtengo. Tsambalo limawoloka nyanja lili laliwisi m'malonda, ndipo phindu lenileni limakapangidwa kumene amapota ndudu ndi kuikapo dzina. Malo ojambulira kanema ndi tsamba lomwelo. Masabata ochepa amene kamera ikhala m'mudzi ndiyo ntchito yotsika mtengo koposa. Kulumikiza zithunzi, kukonza mawu, kugulitsa kanema m'maiko ndi kutolera ndalama zake chaka ndi chaka, zonsezo zimachitikira ku London kapena ku Los Angeles. Kodi titatopa ndi kulirira mtengo wa fodya zaka zonsezi, tiyambenso dala ulimi wina wofanana nawo?

Chimene chindiopsa kwambiri ndi gule. Mlendo aliyense wa kamera akafika m'chigawo chapakati amafuna gule wamkulu, ndipo m'kanema wa Kamkwamba nayenso alimo. Kuyambira pamene UNESCO inamutchula kukhala chuma cha dziko lonse lapansi mu 2005, njala ya zithunzi zake yakula. Koma kwathu, kuyambira ku Mpingu mpaka ku Namitete, gule ali ndi eni. Ali ndi mwini mzinda, ali ndi dambwe, ali ndi nthawi yake: pa maliro, pa chiliza, pa chinamwali, polonga mfumu. Kasiyamaliro satuluka chifukwa dzuwa lapendeka bwino pa galasi la kamera. Kalata ya chilolezo yodindidwa mu ofesi ya m'tauni singapereke chimene ofesiyo ilibe. Lamulo lathu la 1968 loona za makanema ndi zisangalalo linalembedwa ndi mtima wofufuza choletsa, kuti mwendo wa mkazi usaoneke ndi kuti boma lisanyozedwe. Amene analilemba sankaganiza za mfumu ya m'mudzi imene ikambirana ndi kampani yokhala ndi maloya ake.

Ena adzati: nanga Kenya sanadzaze mahotela chifukwa cha Out of Africa wa 1985? Anadzazadi. Koma alendowo ankatsata mikango ndi madambo, ndipo Akenya m'kanemamo anali antchito a pa munda wa mzungu. Funsani tsono kuti mlendo amene waona njala ya ku Kasungu pa kanema adzasiya ndalama zingati kwa Wimbe. Ena adzati pang'ono n'pang'ono, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zoona, mnyamata wolandira kangachepe poimirira kumbuyo kwa wosewera wagula sopo tsiku limenelo. Koma mlendo ndi mame. Akakamuka, m'mudzimo mutsala chiyani?

Nazi zimene ndikuti boma lizifuna lisanadinde chilolezo, ndipo palibe n'chimodzi chomwe chofuna ndalama za msonkho wathu. Choyamba, pangano lolembedwa m'Chichewa pakati pa kampani ndi mudzi, lowerengedwa pabwalo anthu onse akumva, lotchula malipiro a munthu aliyense, a munda wopondedwa ndi a nyumba yojambulidwa. Chachiwiri, pambali pa mlendo aliyense wogwira kamera, magetsi kapena mawu pakhale Mmalawi wophunzira ntchitoyo, wolipidwa, dzina lake lilembedwe kumapeto kwa kanema. Chachitatu, ngati m'kanema muli chinenero chathu, mipando yolankhula iyambe yaperekedwa kwa eni chinenerocho, ndipo wokonza mawu akhale wathu wokhala ndi mphamvu yonena kuti "bwerezani". Chachinayi, za gule aweruze ndi eni mzinda, ndipo akakana, akana. Chachisanu, kanema akatha abwerere ndi jenereta ndi chinsalu kukaonetsedwa ulere kumene anajambulidwa. N'zamanyazi kuti kanema wonena za kusowa magetsi afune magetsi, intaneti ndi ndalama za mwezi ndi mwezi kuti mwini nkhani amuone.

Mudzati alendo adzathawa. Wofuna nsalu yopachika kumbuyo adzathawadi, ndipo apite bwino, ameneyo tinalibe naye mwayi ndi kale. Wofuna nkhani yathu adzakhala, chifukwa kwina kulibe. Ndipo zimene adzasiya zidzagwera m'manja odziwa kale ntchito. Shemu Joyah anajambula Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise wopanda chuma cha ku London, ndipo wachitatuyu mu 2018 anakhala kanema woyamba kutumizidwa ku Oscar m'dzina la Malawi. M'mavidiyo sho a pa Nsaru anthu amadzazana kuonera makanema a ku China ndi ku India amene anyamata athu anawamasulira m'Chichewa chothyakuka bwino kuposa cha pa Netflix. Oonera alipo, aluso alipo, chosowa ndi zipangizo ndi maphunziro, zomwezo zimene mlendo amabwera nazo m'ndege nabwerera nazo.

Mawu otsiriza apite kwa ife a m'bwalo lino la alembi, ndi kwa inu aphunzitsi athu. Mbiri ya Kamkwamba inakhala pakati pathu zaka zingapo, ndipo buku lake la 2009 analemba ndi Bryan Mealer wa ku America. Ife timakumana sabata ndi sabata kusulana pa ndakatulo, koma ndani mwa ife analembapo sewero la kanema? Ndani angawerenge pangano la kampani ndi kulimasulira kwa mfumu ya kwawo? Phunzitsani zimenezi, ife tiphunzire, kuti galimoto za makamera zikadzakhota pa Namitete kulowa m'midzi, adzapeze munthu wokhala pa mpando ndi pepala m'manja, wotchula mtengo iye mwini.