Nkhondo ya pansi pa nyanja

Sabata ino tichoke kumunda pang'ono, tipite kunyanja yamchere.

Pa 28 Novembala 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, sitima ya Angerezi yotchedwa Nova Scotia inkapita ku Durban itanyamula anthu 1,052. Ambiri anali akaidi a ku Italy. Pansi pa madzi panabisala sitima ya Ajeremani, U-177. Sitima yotere imamira dala, n'kumasuzumira kunja ndi chitoliro cha magalasi. Chida chake ndi torpedo, bomba lalitali lokhala ndi injini yake, lomwe limathamanga m'madzi mpaka kukaboola sitima m'mimba.

Anaponya atatu, ndipo Nova Scotia inamira m'mphindi zochepa. Mkulu wa U-177, Robert Gysae, atamva anthu akufuula m'Chitaliyana, anazindikira kuti wapha anzake. Paja Italy ndi Germany anali mbali imodzi! Anatumiza uthenga kwawo pa wailesi, akwawo n'kuuza Apwitikizi. Sitima ya Afonso de Albuquerque inanyamuka ku Lourenço Marques, lero Maputo, koma inafika mawa lake. Inavuula anthu pafupifupi 190. Anthu 858 anafa, ena pomira, ena kudyedwa ndi shaki.

Ife amene tinataya abale chifukwa cha mabomba okwirira pansi tikuidziwa nkhaniyi. Chida chobisika sichifunsa dzina la munthu, chimapha mdani ndi mbale yemwe. Akulu sananame, nkhondo simanga mudzi.

Tsalani bwino, tionana sabata yamawa.