Lamba wopakira nkhuni adikire kaye

Amene mwagula makina odula ndi kuwaza nkhuni, wogulitsa akuuzani kuti muwonjezere lamba wokweza nkhuni m'galimoto. Ine ndikuti lambayo adikire. Amadya mafuta, pomwe anyamata awiri aganyu amapakira bwinobwino.

Ndalama yoyamba ipite ku mpeni wowaza panayi. Chipika chikakankhidwa kamodzi zimatuluka nkhuni zinayi m'malo mwa ziwiri, ndipo n'zimene okazinga tchipisi ndi amayi a mandasi amafuna: zing'onozing'ono, zouma msanga, zosavuta kuyatsa. Koma funsani kaye mphamvu ya makina anu. Paini amang'ambika mosavuta. Bulugama wouma, makamaka wa mfundo, amaimitsa makina ofooka, nthawi zina mpaka mpeni kupindika. Mukafika pa zipika zotere, bwezeranipo wa pawiri uja, musautaye.

Kenako tcheni chapadera ndi tupa, zotchipa koma zoiwalika. Tcheni chobuntha chimadziwika ndi utuchi: umatuluka ngati ufa, ndipo mafuta amatha ntchito isanaoneke. Chimabunthitsa kwambiri ndi dothi la pa makungwa, choncho zipika musamazikokere pansi.

Utuchiwo longezani m'matumba, opanga mabriketi amaufuna.