Woledzera asakwere njinga yamagetsi, ndipo lamulo linene zimenezi poyera

Loweruka la malipiro limadziwika m'makomboni onse a ku Mashonaland, kuyambira ku Karoi ndi ku Banket mpaka ku Mvurwi, Shamva ndi Marondera. Dzuwa likapendeka bawa imadzaza, zigubu za Chibuku zimayenda dzanja ndi dzanja, ndipo kuseri kwa nyumba ina kachasu amagulitsidwa mwakachetechete. Usiku aliyense amafuna kukafika kwawo. Makolo athu amene anachokera ku Nyasaland kudzalima fodya kuno ku Zimbabwe ankabwerera wapansi kapena pa njinga yakapalasa, ndipo woledzera akalephera kupalasa ankangogwera m'udzu, n'kudzuka m'mawa ali ndi mabala a m'zigongono. Njinga yamagetsi yasintha nkhani imeneyi. Miyendo ikafooka ndi mowa batire silifooka, limamuthamangitsabe munthuyo ngakhale maso ake akuona misewu iwiri.

Ife tikuikonda njinga imeneyi. Ku Hwedza, m'chigawo cha Mashonaland East, kampani ya Mobility for Africa inayamba mu 2019 kubwereketsa kwa amayi njinga zamagetsi za matayala atatu zotchedwa Hamba, zomwe mabatire ake amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Amayi amene ankasenza matomato ndi nkhuni pamutu tsopano amapita nazo kumsika atakhala pampando, ndipo odwala amafika kuchipatala msanga. Aliyense amene anayendapo mtunda wa pakati pa komboni ndi msewu wa tala atabereka mwana wotentha thupi sangafunse ubwino wake. N'chifukwa chake sitikufuna kuti mowa uipitse dzina la chinthu chothandiza chonchi.

Taganizani msewu wa m'famu nthawi ya 8 koloko usiku. Mulibe nyale, muli mchenga ndi maenje, kutsogolo kuli ngolo ya ng'ombe yopanda chonyezimira, m'mbali muli ana ochokera kugolosale. Njinga yamoto imamveka ili patali ndipo anthu amapatuka. Yamagetsi imafika mwakachetechete, woyenda pansi amangozindukira ili pamsana pake. Ngati woyendetsayo wamwa, palibe amene atsala woti apewe ngoziyo.

Lamulo la pamsewu la Zimbabwe, Road Traffic Act, limaletsa kuyendetsa munthu ali ndi mowa wofika mamiligalamu 80 pa mamililita 100 a magazi. Koma lamuloli ndi la mu 1976, nthawi imene njinga inali ya mitundu iwiri yokha, yopalasa ndi yamoto. Munthu wa kukomboni akagula njinga yokhala ndi zopalasira komanso batire, amadziuza kuti iyi ndi njinga wamba, za apolisi ndi za a magalimoto. Wogulitsa naye samuuza kanthu.

Mayiko ena anadula kale mzere. Ku Britain njinga yosapitirira mawati 250, imene mota yake imasiya kukankha ikafika makilomita 25 pa ola, imawerengedwa ngati yakapalasa, komabe kuikwera utaledzera ndi mlandu. Ku Japan, kuyambira mu Novembala 2024, wopalasa njinga atamwa angathe kukhala kundende mpaka zaka 3. Sitikupempha zilango zoopsa chotero kwa munthu amene malipiro ake sakwana n'komwe thumba la ufa ndi fizi. Tikupempha Nyumba ya Malamulo ndi unduna wa za mtengatenga kuti alembe momveka kuti njinga yamagetsi ndi chiyani, ndi iti imene ikufunika laisensi, ndiponso kuti malire a mowa akukhudza aliyense woiyendetsa, kaya pamsewu wa boma kaya pa wa m'famu pomwe anthu amadutsa.

Pali chinthu chimodzi chimene tikuopa. N'kosavuta kuti wapolisi aime pamsewu masana n'kulanda njinga ya mayi wopita kumsika chifukwa cha mapepala, pomwe chidakwa cha usiku chikudutsa popanda wochifunsa. M'makomboni muli anthu ambiri obadwira konkuno, ana ndi zidzukulu za Amalawi, Azambia ndi Amozambiki, amene mpaka lero akuvutika kupeza chitupa, ngakhale malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anawatsegulira njira ya unzika. Wopanda chitupa sangatenge laisensi. Lamulo likatsamira pa mapepala okha lidzalanda njinga kwa osauka osamwa, ndipo ngozi zidzakhalapobe. Apolisi apatsidwe zipangizo zoyezera mowa m'mpweya, ndipo azioneka madzulo a tsiku la malipiro komanso m'nyengo yogulitsa fodya, pamene ndalama ndi mowa zimachuluka.

Uthengawo ufikenso m'chilankhulo cha anthu ake. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko lino, choncho a Traffic Safety Council of Zimbabwe alibe chifukwa cholembera zikwangwani m'Chingerezi chokha. Bungwe la ogwira ntchito m'mafamu la GAPWUZ, akuluakulu a mipingo ndi a mizikiti, ngakhalenso akulu a kudambwe amene achinyamata amawamvera, alankhule za nkhaniyi. Eni mabawa akonze malo okhomeka osungirako njinga usiku, kuti womwa asaope kuti ibedwa akaisiya. Ndipo amene amabwereketsa njingazi alembe m'pangano kuti wopezeka akuyendetsa atamwa alandidwa njingayo tsiku lomwelo.